Galimoto ya bwana: anagula ndani, idzathera kwa yani?

MANDIMBA — Chiikireni phula pa msewu wa N13, wochokera ku Cuamba kudzera pa Mandimba ndi pa Massangulo, m'boma la Ngauma, mpaka ku Lichinga, anthu a m'midzi ya m'malire akuona magalimoto amene kale sankayerekeza kuponda kuno: aja otsika, akuda, a magalasi osaonetsa m'kati. Kale, nthawi ya dzinja, ulendo wa makilomita pafupifupi 300 umenewu unali wa malole ndi ma Land Cruiser basi.

Galimoto yotere ikadutsa, anthu pa msika amafunsana kuti m'katimo muli ndani. Pali funso lina limene silimveka kawirikawiri: inagulidwa ndi ndalama za yani, ndipo ikadzakalamba idzathera m'manja mwa yani? Mbiri ya magalimoto angapo otchuka ikuthandiza kuyankha.

Yoyamba ndi Benz yofiira ya malemu Nelson Mandela. Mtsogoleriyu atatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990, antchito a pa fakitale ya Mercedes-Benz mumzinda wa East London, ku South Africa, anagwirizana zoti amupangire galimoto. Kampani inapereka zitsulo, antchito a bungwe la NUMSA anapereka thukuta lawo, kugwira maola owonjezera osalandira kanthu. Pa 22 Julayi 1990, pa bwalo la masewero la Sisa Dukashe ku Mdantsane, anaipereka kwa mwini wake pamaso pa khamu la anthu. Inali Mercedes-Benz 500 SE. A Mandela, amene mu 1998 anakhala mkamwini wa dziko la Mozambique pokwatira mayi Graça Machel, anaiyendera galimotoyo, ndipo pambuyo pake inakasungidwa ku Apartheid Museum mumzinda wa Johannesburg, kumene aliyense angathe kukaiona. Amene anaipanga akudziwika, amene anailandira akudziwika, kumene inathera kukudziwika.

Magalimoto ena akale a mabwana amathera pa msika wa okushoni, umene m'Chipwitikizi amati leilão. Alimi a fodya a ku Mandimba amene ali ndi abale ku Namwera ndi ku Mangochi akuudziwa msika wotere kuchokera ku Limbe: katundu amaikidwa poyera, ogula amapikisana, amene watchula mtengo waukulu ndiye amatenga. Pa okushoni ya magalimoto akale, ogula amayang'ana ngati injini ndi penti ndi zomwe zija za ku fakitale, makilomita amene yayenda, buku la ku garaja, ndi mapepala osonyeza eni ake onse kuyambira woyamba. Galimoto yosoweka mapepala mtengo wake umagwa. Ya munthu wodziwika mtengo wake umakwera.

Chitsanzo ndi Rolls-Royce Phantom V ya John Lennon, woimba wa ku Britain wa gulu la Beatles. Anaigula mu 1965 ili yakuda, ndipo mu 1967 anaipentetsa chikasu ndi maluwamaluwa. Mu 1977 anaipereka ku nyumba ina yosungiramo zinthu zakale ku New York. Nyumbayo inaigulitsa mu 1985 pa okushoni ya kampani ya Sotheby's, ndipo munthu wamalonda wa ku Canada, a Jim Pattison, anaitenga pa madola pafupifupi 2.3 miliyoni. Nthawi imeneyo panalibe galimoto ina imene inagulidwapo pa mtengo wotere pa okushoni. Kenaka inakasungidwa mumzinda wa Victoria, ku Canada komweko.

Nkhani ya tsidya lina la malire, ku Malawi, ndi yosiyana. Mu 2000 boma la a Bakili Muluzi linagulira nduna zake ma Benz 39 pa mtengo wa madola pafupifupi 2.5 miliyoni. Dziko la Britain, limene linkathandiza Malawi ndi ndalama zambiri, linadandaula poyera, ndipo a Malawi ambiri anadandaula nawo. Chaka chomwecho a Muluzi analamula kuti magalimotowo agulitsidwe, ndalama zake zipite ku ntchito zochepetsa umphawi. Vuto ndi lakuti galimoto yatsopano ikangotuluka m'shopu mtengo wake umayamba kutsika, ndipo dzina la nduna siliukweza ngati mmene linachitira dzina la woimba uja.

Patapita zaka 12 nkhaniyo inabwereranso. Mayi Joyce Banda atalowa m'malo mwa malemu Bingu wa Mutharika mu Epulo 2012, kunalengezedwa kuti boma ligulitsa ma Benz 60 pamodzi ndi ndege ya pulezidenti. Ndegeyo inagulitsidwa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, koma mkangano wa kumene ndalamazo zinapita unatenga zaka. Kugulitsa kunalengezedwa pa wailesi, koma kuwerengera ndalama pamaso pa anthu ndiko kunavuta.

Mozambique nayenso wadutsamo. Mu 2017, dziko lili pa mavuto a ngongole zobisika zija ndipo mitengo ya zinthu itakwera, kunamveka kuti boma lagula ma Benz a mamembala a Comissão Permanente ya Nyumba ya Malamulo pa ndalama zokwana 228 miliyoni meticais. Anthu ambiri anakwiya, ponena kuti m'mizinda antchito akupita ku ntchito atapanikizana kumbuyo kwa malole.

Kumidzi anthu amakonda kunena kuti za boma zilibe mwini. Koma galimoto ya boma imagulidwa ndi msonkho, ndipo msonkho umalipidwa ndi aliyense wogula sopo, mafuta ophikira kapena malata pa sitolo ya ku Cuamba. Mayi wogulitsa nyemba pa msika wa Mandimba ali m'gulu la eni ake, ngakhale sadzaikwerapo.

Malamulo a dziko lino amati katundu wa boma wotha ntchito agulitsidwe poyera, pa msika umene amati hasta pública, ndipo zidziwitso zake zimatuluka m'nyuzipepala. Palinso mabwalo a Conselho Consultivo pa localidade, pa posto ndi pa distrito, kumene mafumu ndi nthumwi za midzi amakhala pamodzi ndi akuluakulu a boma. Kumeneko ndi kumene anthu a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba angafunse: magalimoto a distrito alipo angati, akale anagulitsidwa kwa yani ndi pa mtengo wanji, ndipo ndalamazo zinalowa kuti. Kwa mudzi umene mayi wapakati amapita ku chipatala pa njinga, yankho lake likukhudza ambulansi ndi mafuta ake.