Kubwerera pa liwiro pambuyo pobereka: chifukwa chake masabata 6 sakwanira

MUTARE – Mu mzinda wa Mutare, kum'mawa kwa Zimbabwe, munthu wothamanga sangazembe chitunda. Msewu wa ku Harare umakwera Christmas Pass, wa ku Vumba nawo ndi wokwera wokhawokha, ndipo mipikisano ya Tanganda Half Marathon ndi Vumba Mountain Run imakopa amayi ochokera ku Sakubva, Dangamvura ndi Chikanga. Mayi amene anazolowera misewu imeneyi akangochira, amafuna kudziwa tsiku loyambiranso.

Ambiri amaona ngati ulendo wa kuchipatala wa pa masabata 6 ndiwo umapereka chilolezo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsadi kuti mayi aonedwe pa nthawi imeneyi, chiberekero chikakhala chitabwerera m'malo mwake. Koma minofu ya pansi pa chiuno, imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, imachira mochedwa, nthawi zambiri pa miyezi 4 mpaka 6. Pothamanga, phazi limagunda pansi ndi mphamvu yowirikiza pafupifupi kawiri kulemera kwa thupi, ndipo minofu imeneyi ndiyo imalandira katunduyo.

M'chaka cha 2019, akatswiri atatu a mafizo a ku United Kingdom, Tom Goom, Gráinne Donnelly ndi Emma Brockwell, anatulutsa malangizo akuti mayi asathamange miyezi 3 isanakwane. Ngakhale itakwana, ayambe wadziyesa: kuyenda mphindi 30, kuima ndi mwendo umodzi masekondi 10, kuthamangira pamalo amodzi kwa mphindi imodzi, ndi kudumpha ka 10 ndi mwendo uliwonse. Mkodzo ukadontha, kapena akamva kulemera kumusi ngati china chake chikufuna kutsika, kapena ululu m'chiuno, ndiye kuti nthawi sinakwane. Amayi ambiri amabisa vuto la mkodzoli chifukwa cha manyazi, ena amati ndi mmene zimakhalira munthu akabereka. Ndi lofaladi, koma limachizika ndi mafizo a minofuyo, ndipo ndi loyenera kulitchula kwa namwino.

Mbiri ya akatswiri awiri imasonyeza kusiyana kwa njira. Paula Radcliffe wa ku Britain anabereka mu January 2007 ndipo mu November chaka chomwecho anapambana mpikisano wa New York Marathon. Chimene chimaiwalika n'chakuti pakati pa miyezi imeneyi fupa la kumapeto kwa msana wake linachita mng'alu, ndipo analeka kaye kuthamanga. Faith Kipyegon wa ku Kenya anabereka kudzera pa opaleshoni mu June 2018, ndipo sanapikisane mpaka patapita chaka. Mu 2021 anatenga mendulo ya golide pa mtunda wa mamita 1,500 ku Tokyo, n'kubwerezanso ku Paris mu 2024.

Mayi wa ku Sakubva alibe dokotala womutsata tsiku ndi tsiku ngati awiriwa. Lamulo la ntchito ku Zimbabwe limapereka tchuthi cha masiku 98, koma chiyenera kuyamba masiku osachepera 21 tsiku loyembekezera kuchira lisanafike. Otsalawo ndi masabata 11, kutanthauza kuti mayi amabwerera ku ntchito thupi lisanafike poyenera liwiro. Wogulitsa pa msika alibe tchuthi n'komwe: akatuluka m'chikuta, dengu limamudikira. Kusenza katundu ndi kubereka mwana kumbuyo kumapanikiza minofu yomweyo, choncho kuyenera kuwerengedwa pamodzi ndi kuthamangako.

Poyamba, ndi bwino kusinthanitsa kuyenda ndi kuthamanga pang'ono pamalo athyathyathya, monga pa bwalo la mpira, n'kupumula tsiku lotsatira. Mtunda uziwonjezeka liwiro lisanawonjezeke. Kuyamwitsa sikuletsa, ndipo kuthamanga kwa pamlingo woyenera sikuwononga mkaka; mwana akayamwa mayi asananyamuke, mabere amapepuka. Amene anataya magazi ambiri pobereka ayezetse kaye magazi, chifukwa kuchepa kwake kumabweretsa befu ndi chizungulire.

Zitunda zibwere pomaliza. Chokwera chimatopetsa mtima, koma chotsika ndicho chimagwedeza chiuno kwambiri, ndipo wokwera Christmas Pass ayenera kutsikanso. Kwa miyezi yoyamba, kutsika kumeneko kukhale koyenda.