Musanagule khadi la masewera a pa kompyuta, yambani mwaona power supply

Munthu amene afuna kusewera masewera amakono pa kompyuta amathamangira kugula khadi la zithunzi, limene m'masitolo alicha graphics card. Koma khadi limeneli, ngakhale likhale lodula motani, silingagwire bwino nchito ngati cipangizo colipatsa magetsi ndi cofooka. Cipangizoco ndi power supply, kabokosi kacitsulo kokhala ndi fani, kamene nthambo yocokera kukhoma ilowamo kumbuyo kwa kompyuta.

Magetsi a ZESCO afika m'nyumba pa mavolti 230, pamene ziwalo za m'kati mwa kompyuta zifuna mavolti 12, 5 ndi 3.3 cabe. Power supply ndiyo itsitsa magetsiwo ndi kuwagawira ziwalo zonse, ndipo mphamvu yake iwerengedwa m'mawati. Mu kompyuta ya masewera, khadi ndilo lidya mawati ambiri koposa. Mphamvu ikacepa, kompyuta izima yokha kapena kuyambiranso masewera ali m'kati. Coipa kwambiri ndi cakuti power supply yopanda zotetezera ikapsa, ikhoza kuononga khadi ndi motherboard pamodzi.

Kuwerenga mawati

Kampani iriyonse yopanga makhadi imalengeza manambala awiri: mawati amene khadi lidya palokha, ndi kukula kwa power supply yoyenera kompyuta yonse. Khadi la GTX 1650 la kampani ya Nvidia lidya mawati 75 ndipo lifuna power supply ya mawati 300. La RTX 3060 lidya mawati 170 ndipo lifuna ya 550. La Radeon RX 6600 la kampani ya AMD lidya 132 ndipo lifuna ya 450. Pamwamba penipeni pali RTX 5090 la m'caka ca 2025, limene lidya mawati 575 ndipo lifuna power supply ya mawati 1,000.

Tiyeni titenge kompyuta yokhala ndi RTX 3060 ndi purosesa ya Ryzen 5 5600. Khadi litenga mawati 170, purosesa osakwana 80, ndipo motherboard, mafani ndi zosungiramo zinthu zitenga pafupifupi 50. Zonse pamodzi ndi mawati pafupifupi 300. Wina angafunse cifukwa cace opanga anena 550.

Yankho ndi lakuti khadi silidya magetsi mofanana nthawi zonse. Zithunzi zikalemera mwadzidzidzi, limakoka mphamvu yoposa muyeso wake kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo, kwa kanthawi kocepa kuposa kuphethira kwa diso. Power supply yongokwanira ndendende imaona ngati pacitika ngozi ndipo imadzizimitsa. Ndico cifukwa cace muyezo wa ATX 3.0, umene kampani ya Intel inatulutsa m'caka ca 2022, ulamula kuti power supply yaikulu ipirire mphamvu yowirikiza kawiri nambala yake kwa gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi.

Nambala ya pa bokosi siyokwanira

Khadi ndi purosesa zidya magetsi a mavolti 12. Motero wogula ayenera kuwerenga cipepala comatidwa m'mbali mwa power supply, pa mzere wolembedwa +12V. Pamenepo palembedwa maampu, ndipo kucurukitsa maampuwo ndi 12 kupereka mawati enieni. Maampu 45 apereka mawati 540, koma maampu 20 apereka 240 cabe, ngakhale pa bokosi palembedwe 500 ndi zilembo zazikulu. Ma power supply ambiri otsika mtengo a maina osadziwika agwera pamenepa.

Cizindikiro ca 80 Plus, cimene cinayamba m'caka ca 2004, citanthauza kuti magetsi osacepera 80 pa 100 alionse ocokera kukhoma afika ku kompyuta, ndipo otsalawo asanduka kutentha. Magulu a Bronze, Gold ndi Platinum ataya ocepa kuposa apa. Cizindikiroci cinena za kusataya magetsi, sicitsimikiza kulimba kwa cipangizo, kotero ndi bwino kuonanso zaka za waranti.

Mapulagi ndi nthambo

Mpata wa pa motherboard umene khadi lilowamo upereka mawati osapitirira 75. Khadi lofuna oposa apa liyenera kulandira nthambo yakeyake kucokera ku power supply. Pulagi ya mapini 6 inyamula mawati 75, ya mapini 8 inyamula 150, ndipo yatsopano ya mapini 16 ifika pa 600.

Khadi lalikulu la mapulagi awiri ndi bwino kulipatsa nthambo ziwiri zosiyana, m'malo mwa imodzi yogawika kumapeto. Tizida tosinthira pulagi ya SATA kuti ilowe m'khadi ndi toopsa, pakuti pulagiyo sinapangidwire mphamvu yotero ndipo ikhoza kusungunuka. Pulagi ya mapini 8 ya purosesa ifanana m'maonekedwe ndi ya khadi, koma nthambo zake zinayalidwa mosiyana, ndipo siiyenera kukakamizidwa. Cimodzimodzinso nthambo zocotseka za power supply ya kampani ina siziyenera kuikidwa pa ya kampani ina.

Pulagi ya mapini 16 ifuna cisamaliro capadera. Khadi la RTX 4090 litatuluka mu Okutobala 2022, ogula ena anapeza mapulagi awo atasungunuka, ndipo Nvidia inati vuto linabwera makamaka pamene pulagi sinalowe mpaka kumapeto. Mu 2023 pulagiyi inakonzedwanso ndi kuchedwa 12V-2x6, komabe woiika ayenera kuikankha kufikira italowa yonse, ndi kupewa kupinda nthambo pafupi ndi khadi.

Makompyuta ocokera m'maofesi

Anthu ambiri amayamba ndi kompyuta yogwirapo kale nchito m'ofesi, monga Dell OptiPlex. Makompyuta ang'onoang'ono a mtundu umenewu kawirikawiri ali ndi power supply ya mawati osakwana 300, yopanda nthambo ya khadi, ndipo ambiri ali ndi mapulagi a kampaniyo yokha, kotero kuti power supply wamba siingalowemo. Mwini kompyuta yotere ayenera kusankha khadi laling'ono lodya magetsi a pa motherboard okha, kapena kumanga kompyuta ina.

Ngati kompyuta yakale yacokera ku America, kumene magetsi ndi a mavolti 120, onani ngati kumbuyo kwake kuli kaswichi kofiira ka 115 ndi 230. Muno m'Zambia kayenera kukhala pa 230, apo ayi power supply ipsa nthawi yomweyo.

Pamene malaiti azima

Cilala ca m'caka ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, mabanja ambiri anali kulandira malaiti kwa maola ocepa patsiku, ndipo ena anagula mainvata, majenereta ndi ma UPS. Mphamvu ya UPS ilembedwa mu VA, ndipo nambalayi siifanana ndi mawati. UPS ya 650 VA kawirikawiri ipereka mawati osakwana 400, amene sangakwane kompyuta ya khadi lalikulu pamodzi ndi sikirini yake. Ndiponso ma power supply ena amakono amazima akalandira magetsi a invata yosalembedwa kuti pure sine wave.

Oopa kutha kwa mayunitsi adziwe kuti power supply yaikulu siidya mawati onse olembedwa pa iyo. Itenga okhawo amene kompyuta ifuna, kuonjezapo ocepa otayika. Kompyuta yofuna mawati 300 ikoka pafupifupi 350 kukhoma, imene ndi yunitsi imodzi pa maola atatu a masewera.

Power supply ikayamba kununkha kapena kulira mwacilendo, izimitseni ndi kuisintha. Musaitsegule, pakuti m'kati mwake mumatsala magetsi oopsa ngakhale nthambo itazulidwa kukhoma. Ndipo ngati ndalama sizikwana khadi lalikulu pamodzi ndi power supply yoliyenera, gulani khadi locepako ndi power supply yodalirika, pakuti imeneyo idzatumikiranso khadi limene mudzagula m'tsogolo.