Kodi mumadziwa?

Chakumpoto kwa Mamelodi ku South Africa, kufupi ndi damu la Roodeplaat, kunali labotale ya chinsinsi ya asilikali a boma la tsankho. Dzina lake linali Roodeplaat Research Laboratories, ndipo inkagwira ntchito pansi pa Project Coast, yomwe ankaitsogolera Dr Wouter Basson, dokotala wa mtima.

Mu 1998, asayansi omwe ankagwira ntchito kumeneko, kuphatikizapo Daan Goosen, anaulula pamaso pa Truth and Reconciliation Commission kuti ankafufuza katemera woletsa kubereka. Cholinga chinali kubaya anthu akuda mwakachetechete kuti asabereke. Katemerayo sanatheke, komabe mtima umachita kuwawa poganiza kuti ochita zimenezi anali anthu ophunzira zachipatala.

Ganizo losankha woyenera kubereka ndi lakale. Francis Galton wa ku Britain analipatsa dzina loti eugenics mu 1883.

Ganizoli silinathe ngakhale South Africa itapeza ufulu mu 1994. Mu February 2020, Commission for Gender Equality inapeza kuti amayi 48, ambiri okhala ndi HIV, anatsekedwa kubereka mokakamizidwa m'zipatala za boma ku Gauteng ndi KwaZulu-Natal. Ena anapatsidwa mafomu oti asayine ali pakati pa ululu wa kubereka.