N'chifukwa chiyani mipando ikutsala pa Balaka Stadium?

Amene anali ku Balaka m'chaka cha 2017 akukumbukira momwe tawuniyi inkasinthira tsiku la mpira. Bwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre linali lotsekedwa, ndipo timu ya Be Forward Wanderers inkasewera masewero ake ambiri apakhomo pa Balaka Stadium. Chaka chomwecho inatenga ligi. Anthu ankachokera ku Liwonde, ku Ntaja ngakhale ku Ulongwe, amayi ogulitsa mandasi ndi nzimbe n'kumaweruka madengu ali gwa. Masiku ano ndikapita kukaonera mpira ndimaona malo ambiri opanda anthu, makamaka mbali yopanda denga komwe kumakhala ife a m'thumba mopepuka.

Ambiri amaloza chala mtengo wa tikiti, ndipo sakunama. Koma tikitiyo sikwera yokha. Mu May 2022 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako mu November 2023 ndi 44 peresenti. Mafuta a basi yonyamula osewera, malo ogona, mipira ndi majezi zonse zinakwera. Komanso ndalama yapachipata siipita yonse ku matimu. Poyamba amachotsapo zolipira achitetezo ndi ogulitsa matikiti, yotsalayo n'kugawana matimu awiri aja, eni bwalo ndi mabungwe a zamasewero monga la SULOM loyendetsa ligi. Timu ikaona kuti gawo lake silikukwanira n'komwe mafuta obwererera kwawo, imafuna kuti mtengo ukwere.

Vuto ndi lakuti sapota sawerenga tikiti yokha. Taganizirani mnyamata wa kabaza wa ku Liwonde. Ayenera kulipira minibasi ulendo wa makilomita pafupifupi 30, kupita ndi kubwera, adye kenakake, ndipo masana onsewo sanyamula munthu. Kunyumba ufa watsala pang'ono. Pamene akuwerengera zimenezi, pamsika pomwepo pali chinyumba cha vidiyo chomwe chikuonetsa Arsenal ndi Manchester United pa ndalama yosakwana n'komwe ya minibasi ija. Wailesi nayo ikuulutsa mpira wa ku Balaka ulere. Kodi tingamudzudzule akatsala? Kwa ife osunga Sabata mwayi ndi wochepa kale, poti masewero a Loweruka satikhudza.

Apa ndi pomwe masamu amawatembenukira okweza mtengo. Tiyerekeze kuti anthu 1,000 ankalowa pa K2,000. Mtengo ukafika K3,000 koma n'kubwera anthu 600 okha, ndalama yatsika kuchoka pa K2 miliyoni kufika pa K1.8 miliyoni, pamene achitetezo alipidwa chimodzimodzi. Onjezanipo matikiti achinyengo ndi anthu olowa mozemba, zomwe zakhala zikudandaulidwa m'mabwalo athu kwa zaka zambiri. Wolipira mokhulupirika ndiye amasenza katundu wa onsewa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, monga wophunzira zauphunzitsi, ndi ana. Pamene ndinkayeserera kuphunzitsa pasukulu ina ku Machinga, ndinafunsa kalasi kuti atchule osewera mpira omwe amawadziwa. Mayina a ku England anatuluka ngati mvula. Nditafunsa amene analowapo m'bwalo kukaonera masewero a Super League, manja anakwera awiri okha, ndipo mmodzi anaulula kuti analowa chipata chitatsegulidwa mpira utatsala pang'ono kutha.