Kompyuta ikakana kuyaka titawonjezera RAM: zikhulupiriro ndi zoona

Kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma la Nsanje, kompyuta ya patebulo imadyetsa mabanja a anthu otayipa makalata, osindikiza zithunzi ndi oika nyimbo m'mafoni. Zambiri ndi za Dell ndi HP zomwe zinagwirapo kale ntchito kwina. Zikayamba kuchedwa timaitanitsa RAM ku Blantyre. Taika, tayatsa, fani ikuzungulira, koma sikirini ili bii. Zimene timachita pamenepa nthawi zambiri zimaononga kuposa vuto lenilenilo, ndipo gwero lake ndi zomwe timakhulupirira.

Ikakana kuyaka ndiye kuti yapsa

Mantha amenewa ndi omveka, poti ambirife tinaonapo wailesi kapena TV ikupsa. Koma kompyuta imayamba yadziyeza yokha isanaonetse chilichonse. Ikapeza kuti RAM siikuyankha, imaima pomwepo n'kutichenjeza polira kapena pophethira kagetsi ka pa batani, monga zimachitira za Dell zambiri. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti RAM sinakhazikike. Imafunika kuikanikiza mbali zonse ziwiri mpaka tizogwirira tapulasitiki ta m'mphepete titseke tokha. Amene wakhulupirira kuti yapsa amagulitsa makina abwinobwino pamtengo wolira, kapena amalipira motherboard yatsopano imene sinkafunika n'komwe.

RAM ndi imodzi, bola ilowe

Poiona imafananadi, koma ili ndi mitundu. DDR3 ya kompyuta ya patebulo ili ndi timano 240 ndipo yambiri imayendera mavolti 1.5, pomwe DDR4 ili ndi timano 288 ndipo imayendera mavolti 1.2. Opanga anaika kampata ka pansi pamalo osiyana mwadala, kuti mtundu wolakwika usalowe. Kuukakamiza kumaononga polowera pake, ndipo pamenepo motherboard ikhoza kupitadi. Ngakhale yalowa bwino ikhoza kukana, chifukwa motherboard iliyonse ili ndi malire a kukula kwa RAM yomwe imalandira, ndipo RAM ya ma server yolembedwa kuti registered siigwira ntchito m'makompyuta wamba. Tisanatume munthu ku Blantyre kukwera mapiri kudzera pa Thabwa, tijambule kapepala ka pa RAM yakale ndi nambala ya kompyutayo. PC3 ndiye DDR3, PC4 ndiye DDR4.

Tiifomate, tiikenso Windows

Tinazolowera njira imeneyi chifukwa imathandizadi kompyuta ikadzadza ndi mavairasi. Apa siikhudzana ndi vutolo. Makinawo akuima asanafike n'komwe pa Windows, ndipo mafayilo athu sakhala mu RAM. Hard disk ndiye nkhokwe, RAM ndi lichero lomwe timatapiramo zapanthawiyo. Lichero likavuta sititentha nkhokwe. Munthu akachotsa hard disk n'kukaifomata pa kompyuta ina, zimapita ndi zotsatira za mayeso a ophunzira, kaundula wa ngongole za banki m'khonde, zithunzi za ukwati za makasitomala. Pobweza, vuto la RAM limakhala lilipobe. Kuno kumene madzi osefukira anatitengera kale mapepala ambiri, zomwe zili m'kompyuta mwina ndizo zokha zatsala.

Ndi magetsi, kapena kutentha kwa kuno

Palibe angatsutse kuti ziwirizi zimavutitsa makina. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumaposa madigiri 40 ku Ngabu ndi ku Nsanje. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunatikhalira miyezi yambiri. Komabe kutentha kumazimitsa kompyuta itagwirako kale ntchito, osati isanayambe. Ngati m'mawa inkayaka ndipo yasiya titangotsegula m'kati, tiyambe takayikira chimene tasintha. Mwinanso dzanja lakhudza chingwe china n'kuchikhwefula, kapena fumbi lagwera polowera RAM. Kuloza chala magetsi kumatichititsa kugula zipangizo zina zosafunika, masiku n'kumapita shopu ili chitsekere.

Ukazimitsa pa batani ukhoza kugwira m'kati

Ayi. Chingwe chikakhala pa soketi, magetsi ochepa amayendabe pa motherboard ngakhale kompyuta ikuoneka yozima. Kuzula kapena kulowetsa RAM nthawi imeneyo kukhoza kuononga zonse ziwiri. Tizule chingwe, tidine batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, kenako tikhudze chitsulo cha bokosi lake tisanagwire china. Thupi limasunga timagetsi tomwe sitikumva, makamaka mpweya ukauma, koma timatha kupha RAM. Tiigwire m'mphepete, osati pa timano take. Timanoto tikada, tipukute pang'onopang'ono ndi labala yofufutira pensulo. Mpeni, sandipepa, parafini ndi madzi zikhoza kuononga kosabwezeka.

Izi ndi za akatswiri a ku Blantyre okha

Ulemu kwa akatswiri ndi woyenera, koma kuyeza koyamba tikhoza kuchita tokha, chinthu chimodzi nthawi imodzi, chingwe chili chozula posintha paliponse. Tichotse RAM yatsopano n'kubwezera yakale pamalo pake. Ikayaka, tadziwa kuti kompyuta ili bwino. Kenako tiike yatsopano yokha, tiyatse, tiyesenso polowera pena. Ikayaka iliyonse payokha koma n'kukana zikakhala pamodzi, ndiye kuti sizikugwirizana. Ikakanabe, tichotse kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard kwa mphindi zingapo n'kukabwezera, kuti makonzedwe oyambira a kompyuta (BIOS) abwerere mwakale. Tsiku ndi nthawi tidzakonzanso pambuyo. Kompyuta ya RAM ya DDR5 tiipatse mphindi zingapo poyatsa koyamba, chifukwa imayamba yayeza RAM sikirini ili yakuda.

Ikakana ngakhale ndi RAM yakale, apo ndiye poyenera kupita kwa katswiri. Timuuze zonse zomwe tayesa, ndipo tinene mosapita m'mbali kuti hard disk asaifomate mafayilo athu asanakoperedwe kwina. Pogula RAM ina, tigwirizane ndi wogulitsa kuti ikakana tidzabweza, ndipo yakale tisaitaye mpaka yatsopano itagwira ntchito masiku angapo.