Tsiku la chiliza cha agogo

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mvula ikadali kutali, mabanja ambiri m'midzi ya ku Dedza ndi Lilongwe amayamba kukambirana za chiliza. Pamakhala patapita chaka kapena zaka zingapo chiikireni maliro, dothi la pamtumbira litakhazikika. Mwini mbumba amayamba wakagwada kwa amfumu, pakuti kumanda munthu salowako mwachisawawa. Kenako uthenga umafika kwa ana a m'tauni ndi a ku Joni, masiku ano pa WhatsApp, ndipo ndalama za simenti, mbuzi ndi shuga zimayamba kulowa pa Mpamba ndi Airtel Money.

Chiliza cha mayi wokalamba chimadzaza mudzi kuposa china chilichonse. Kwa Achewa mtundu umatsata bele la mayi, kotero amene wagona pamenepo ndiye tsinde: minda imene anthu akulima, malo amene anamangapo nyumba, zonse zinadzera mwa iye. Makolo ankachita chikumbutso chotere pofulula mowa wa bona, gule wamkulu n'kutuluka kudambwe. M'midzi ina zikuchitikabe. Koma kumene agogo anali a Chigwirizano kapena a Dorika, mowa unasanduka thobwa, ng'oma zinasanduka nyimbo za kwaya.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi usiku wa mchezo. Abambo amakhala pamoto wawo kuwerengera matumba a simenti, pamene amayi ali kumafuwa, akusenda anyezi ndi kutakasa thobwa. Kumeneko ndiye kumatuluka mbiri yeniyeni. Wina amakumbuka kuti pa njala ya 2002 agogo ankaphika madeya, n'kugawira ana onse, iwo n'kunena kuti adya kale. Wina, yemwe aliyense amamuyesa mdzukulu wa m'nyumbamo, amaulula kuti iye anangobwera ali wamasiye wa Edzi, agogo n'kumuyalira mphasa osafunsa kuti akhala mpaka liti. Mtengwa amene analangidwapo mwaukali amaseka, misozi ili m'maso. Zonsezi sizilembedwa papepala, ndipo ndimaona kuti tikulakwa posawaitana ana athu kuti adzakhale nawo pamafuwapo.

Kukacha, anthu amandondozana kupita kumanda, amayi a mpingo atavala zoyera. Chiliza chimakhala chitaphimbidwa ndi nsalu. Abusa kapena mkulu wa mpingo akapemphera, mmodzi wa ana amawerenga mbiri ya malemu. Chaka chobadwa nthawi zambiri chimakhala chongoyerekeza, popeza amayi a nthawi imeneyo analibe zikalata. Ankangoti, "pa njala ya 1949 ndinali nditayamba kubereka mwana kumsana," ndipo ana amawerengera kuchokera pamenepo. Koma akafika pa chiwerengero cha ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, palibe amalola kulakwitsa. Akasiyapo mmodzi, mawu amamveka kumbuyo kukonza.

Nsalu ija ikachotsedwa, nkhata zimayalidwa motsatira ndondomeko: ana, zidzukulu, ampingo, amfumu. Adzukulu, anyamata aja anakumba manda, nawonso amapatsidwa ulemu wawo ndi chakudya chawo.

Pali mabanja amene amalowa m'ngongole pofuna matailosi onyezimira kuti apose chiliza cha pafupi, pomwe agogowo ali moyo ankagona m'nyumba yodontha. Zimenezi zimandiwawa. Chiliza cha njerwa ndi simenti, dzina lolembedwa ndi msomali simentiyo isanaume, n'chokwanira ngati mbumba yonse yafika.

Pa chiliza china chimene ndinapezekapo, anthu atayamba kubwerera kumudzi kukadya, mng'ono wawo wa malemu anatsalira. Anali wokalamba kwambiri, ndipo sukulu sanapiteko. Anakoka kamtsikana ka Sitandade 3 n'kukauza kuti, "Tandiwerengera, mwanawe, alembapo chiyani apa?" Kamtsikanako kanayendetsa chala pa zilembo, n'kutchula dzinalo pang'onopang'ono, kenako kanatembenuka modabwa, chifukwa linali dzina lake lomwe.