Masipika Angati pa Ampulifaya Imodzi?

Nyengo yokolola ikatha, ndalama za fodya, mtedza ndi soya zikaloŵa m'matumba, ku Msundwe, Mpingu, Namitete ndi Nsaru kumachuluka maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo. Iyi ndiyo nyengo imene magulu oimba ndi magitala amagetsi amapeza ganyu. Tsono oimba akaona chinamtindi cha anthu pabwalo, amabwereka mabokosi a masipika kwa anzao ndi kuwalumikiza onse ku ampulifaya imodzi, poganiza kuti kuchuluka kwa mabokosi ndiko kukula kwa mau. Mwambo uli mkati kumveka fungo la waya wopserera, nyimbo zii! Eni ukwati akana kulipira, ndipo ampulifaya yogulidwa ndi thukuta la chaka chathunthu iyamba ulendo wa ku Lilongwe kukafuna wokonza.

Chiŵerengero cha mabokosi sichichokera ku unyinji wa anthu ai. Chimachokera ku nambala yolembedwa kumbuyo kwa ampulifaya, pafupi ndi poloŵetsa waya wa sipika. Pamenepo pamalembedwa 4 ohm, 8 ohm kapena 16 ohm. Dzina la muyeso umenewu ndi la Georg Ohm, katswiri wa ku Germany amene anafotokoza lamulo la kayendedwe ka magetsi m'chaka cha 1827. Muyesowo umasonyeza mmene sipika imakanizira magetsi. Nambala ikakhala yaikulu, sipika imakoka magetsi pang'ono. Ikakhala yaing'ono, imakoka ambiri.

Pa maampulifaya ochuluka, maenje aŵiri akumbuyo aja ngolumikizana kotero kuti bokosi lililonse loonjezera limatsitsa nambalayo. Mabokosi aŵiri a 16 ohm amapanga 8 ohm. Aŵiri a 8 ohm amapanga 4 ohm. Atatu a 8 ohm amapanga pafupifupi 2.7 ohm, ndipo anayi amapanga 2 ohm. Motero ampulifaya yolembedwa kuti isatsike pa 4 ohm ikhoza kunyamula mabokosi aŵiri okha a 8 ohm. Lachitatu likaloŵa, ampulifayayo imakakamizidwa kutulutsa magetsi opitirira mphamvu yake, imatentha, kenaka imadzizimitsa kapena kupseratu. Mlimi wa ku Kabudula adziŵa bwino kuti kusanjikiza matumba pangolo sikuonjezera mphamvu za ng'ombe.

Kusakaniza mabokosi osiyana nambala nakonso kuli ndi vuto lake. Bokosi la 8 ohm ndi la 4 ohm pamodzi amapanga pafupifupi 2.7 ohm, ndipo la 4 ohm lija limalandira mphamvu zoŵirikiza kaŵiri kuposa linzake. Mabokosi ofanana amagaŵana mphamvu pakati ndi pakati.

Maampulifaya alipo a mitundu iŵiri. Ya matiranzisita, imene ili yofala masiku ano, sivutika nambala ya masipika ikakwera, mau amangochepako. Choopsa kwa iyo ndi nambala yotsika. Koma ya mavalavu, yokhala ndi timababu toyaka m'kati, imafuna nambala yofanana ndendende ndi imene yalembedwa, ndipo siyenera kuyatsidwa popanda sipika, chifukwa thiransifoma yake ikhoza kuonongeka.

Chizoloŵezi chosanjikiza mabokosi chinatchuka ku England. M'chaka cha 1965, Pete Townshend wa gulu la The Who anapempha Jim Marshall, mwini sitolo ya zoimbira ku London, kuti amupangire bokosi la masipika 8. Bokosilo linalemera kwambiri kwa onyamula, motero analigaŵa paŵiri, masipika 4 m'bokosi lililonse, lina pamwamba pa linzake. Komatu mabokosi a mtundu umenewo kaŵirikaŵiri amakhala a 16 ohm, ndipo aŵiri amapanga 8 ohm, nambala imene ampulifaya yao inakonzedwa kuilandira. Woona chithunzi chokha cha mulu wa mabokosi saona masamu amene ali kumbuyo kwake.

Nanga bokosi lachiŵiri limapindulitsa chiyani? Limakuza mau pang'ono, limalemeretsa mau a besi, ndipo likhoza kulozetsedwa mbali ina ya bwalo. Koma siliŵirikiza mau, pakuti khutu la munthu limafuna mphamvu zochuluka pafupifupi kakhumi kuti limve ngati mau aŵirikiza kaŵiri. Ndiponso pabwalo palibe zipupa zobweza mau: mtunda ukaŵirikiza kaŵiri, mphamvu ya mau imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Chifukwa chake bokosi limodzi loikidwa pathebulo, molingana ndi mitu ya anthu, limamveka patali kuposa aŵiri okhala pansi pakati pa miyendo ya ovina. M'tchalitchi kapena m'kalasi bokosi limodzi ndi lokwanira. Pamsonkhano waukulu, njira yabwino ndiyo kuika maikolofoni patsogolo pa bokosi la gitala, kuti mau apite ku zokuzira mau zazikulu zimene zili ndi ampulifaya yaoyao.

Pali zinthu ziŵiri zina zofunika kusamala. Choyamba, waya wa gitala si waya wa sipika: ngwoonda m'kati, ndipo ukhoza kutentha. Sipika imafuna waya wonenepa wa nthambo ziŵiri. Chachiŵiri, masipika onse ayenera kukankhira mbali imodzi. Batire la tochi la 1.5 volt likakhudzidwa kamphindi ku mawaya a bokosi lochotsedwa ku ampulifaya, pepala la sipika limatulukira kunja kapena kuloŵa m'kati. Ngati lina lituluka pamene linzake liloŵa, mawaya a bokosi limodzi asinthanitsidwe, apo ai mau a besi amadyana okhaokha.

Motero woimba wa ku Nambuma kapena ku Msundwe asanalandire bokosi lobwereka, ayambe watembenuza ampulifaya yake ndi kuŵerenga nambala ya kumbuyo, aŵerengenso ya pabokosi lililonse. Ngati bokosi lilibe nambala, wokonza mawailesi wapamsika akhoza kuliyeza ndi mita yake tsiku la mwambo lisanafike.